Makutu Ndinawasiya ku Buluwayo

Masiku ano mwana aliyense pa msika wa pa Boma amayenda ndi tizingwe tolendewera m'makutu, mutu ukugwedezeka, njinga ikuliza belu kumbuyo iye osamva. Okalamba anzanga amawakalipira. Ine ndimangowayang'ana. Zinthu zimenezi ndinazivala makolo awo asanabadwe, ndipo zanga sizinali tizingwe ayi. Anali mahedifoni akuda, olemera, okuta khutu lonse, onunkha thukuta. Ndinawavala zaka zambiri, tsiku lililonse kupatula Lamulungu, ndipo n'chifukwa chake lero munthu akamandilankhula ndimayang'ana pakamwa pake.

Kwathu ndi kamudzi ka kuseri kwa Katondwe, m'boma limene nthawi imeneyo tinkalitcha Feira. Chaka chimene ndinachoka, mvula inadula mapira akali m'mawondo. Mbuzi tinagulitsa, ndipo mwamuna aliyense wamphamvu zake ankayang'ana kutsidya kwa Zambezi, ku Rodeshiya, kumene kunali ntchito. Mkazi wanga Velonika anandiperekeza mpaka pa dooko la pa Boma, mwana wathu Malita ali kumsana, asanayambe n'kulankhula komwe. Velonika ankaimba m'kwaya ya ku mishoni, munthu woti ngakhale akutsuka mbale nyimbo ili pakamwa. Sanalire. Anangondigwira malaya.

"Mukabwela munibwelesele wailesi," anatero. "Vitenje nili navo. Nifuna chinthu cholila m'nyumba."

"Mvula ziwili chabe," ndinamuuza. "Yachitatu tizalima pamodzi."

"Amuna onse akamba chimodzimodzi pa dooko pano."

Anaseka, ine n'kulowa m'bwato.

Ku Buluwayo ndinafikira kwa Zuze, mwana wa msodzi wa pa Boma, amene anapita kumeneko ine ndisanakwatire. Anali wamfupi, wamwano, wosatha kuona munthu osamupatsa dzina lachipongwe, koma mtima wake unali wabwino. Ankagwira ntchito yowotcherera mawaya m'fakitale yopanga mawailesi ndi timasipika tating'ono timene azungu ankaika patebulo m'nyumba zawo. Iye ndiye anandilankhulira kwa folomani. Ndinayamba ndi tsache, kenaka kunyamula makatoni. Tsiku lina ndikudutsa ndinanena kuti sipika imene inkalira pabenchi ili ndi kanthu kakunjenjemera m'kati. Anaitsegula n'kupezadi kawaya kosagwira. Sabata yotsatira anandikhazika pabenchi yoyesera katundu, n'kundiveka mahedifoni.

Ntchito yake inali yotere. Wailesi ikabwera pa lamba woyendetsa katundu, ndinkalowetsa chingwe cha mahedifoni, chifukwa m'holo monse munali chiphokoso cha makina odinda zitsulo. Ndinkapotokola kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, kumvetsera ngati ikukokera bwino. Timasipika tinkatiyesa ndi mluzu wa makina, woyambira pansi n'kumakwera mpaka kulasa m'mutu, voliyumu ili pothera, khutu lili pafupi. Chabwino ndinkachilemba choko, choipa n'kuchiponya m'bokosi la zokanidwa. Anzanga ku hositele kumene tinkagona antchito ankati ndapeza ntchito ya bwana, yongokhala pansi n'kumamvera nyimbo. Nanenso ndinkaganiza choncho.

Mvula ziwiri zija zisanakwane, malire a Zambia ndi Rodeshiya anatsekedwa chifukwa cha nkhondo. Makalata analeka kubwera. Ku positi anatiuza kuti ndalama zotumiza ku Zambia salandiranso. Anyamata ena awiri a ku Mburuma anati akayesa kuwoloka pa Kanyemba pamene tinawolokera pobwera, ndipo sitinamvenso za iwo. Wailesi ya ku Rodeshiya inkalengeza monyadira kuti asilikali awo awombera zigawenga kutsidya kwa Zambezi. Kutsidya kumeneko kunali kwathu. Ife a ku Feira tinalipo ochepa m'hositele muja, ndipo nkhani zotere zikamveka aliyense ankangoyang'ana mbale yake. Ine funso langa linali limodzi, m'mawa ndi madzulo: kodi Velonika ali moyo?

Mawailesi ambiri amene tinkapanga anali ogontha dala, ogwira masiteshoni a m'dzikomo okha, ogulitsa kwa anthu akuda m'malokeshoni. Koma panali ena okwera mtengo, opita kunja, amene ankakoka zakutali. Tsiku lina masana, anthu akutuluka kukadya, ndinkamalizitsa imodzi ya amenewo. Pakati pa kusokosa ndinamva Chinyanja. Ndinaima. Anali mwamuna wa ku Lusaka, akuwerenga mauthenga a maliro ndi mawu ofatsa: wakuti wa ku Petauke watisiya, abale a ku Ndola afike msanga, maliro ali kwa akuti. Choko chinagwa pansi. Ndinamvetsera mpaka anamaliza, ndipo dzina la Velonika panalibe.

Kuyambira tsiku limenelo sindinapitenso ku kantini masana. Ndinkabwera ndi buledi m'thumba n'kudyera pabenchi. Folomani ankandiloza kwa anthu ena kuti taonani munthu wokonda ntchito. Chitsiru! Akanadziwa akanandipereka yekha kwa apolisi, pakuti nthawi imeneyo munthu wakuda womvera Lusaka ankamutenga, n'kubwerako wopanda mano, ngati wabwerako n'komwe. Koma mahedifoni ali ndi ubwino umodzi: munthu woima pambali pako sadziwa chimene chili m'makutu mwako. Kasingano kosonyeza siteshoni ndinkakaphimba ndi kansanza kopukutira.

Ndinauza Zuze, Zuze n'kuuza a Mwanza, ophika ku kantini, amene anali wamkulu wathu tonse. Posakhalitsa ndinasanduka khutu la anthu onse a ku Feira. Aliyense anandipatsa mayina a kwawo, ndipo ndinawasunga m'mutu. Tinagwirizana chinthu chimodzi popanda wotsutsa: dzina likapanda kutchulidwa, ndiye kuti munthuyo ali moyo. Nanga munthu angafe kwathu, abale osalengeza? Ndikaweruka ndinkawapeza atakhala pakhonde la hositele, akunamizira kusoka nsapato kapena kusewera nsolo, maso ali pa geti.

"Bwanji lelo?" ankafunsa a Mwanza, osandiyang'ana.

"Kulibe."

Akamva mawu amenewo m'pamene anthu ankapita kukasamba ndi kudya.

Tsiku limene ndinabwera ndi yankho lina silichoka m'mutu mwanga. Wowerenga uja anatchula Feira, kenaka dzina la bambo ake a Zuze. Anati amwalirira m'chipatala ku Lusaka, ndipo uthengawo watumizidwa ndi mwana wawo wamkulu, dalaivala wokhala ku Matero, mu Lusaka momwemo. Belu linalira, anthu n'kubwerera m'holo. Zuze anakhala pamalo pake, mabenchi ochepa kuchokera pa ine, akuimba mluzu, utsi wa chowotcherera ukukwera pamphuno pake. Anandiyang'ana n'kukweza nsidze, kufunsa. Ndinaweramira pa wailesi, n'kuilemba choko.

Kwathu imfa siuzidwa munthu ataimirira, kapena ali ndi chida m'manja. Siuzidwa ndi munthu mmodzi, ndipo koposa zonse siikuwidwa. Mumamukhazika pansi, inu n'kuvula zipewa, wamkulu n'kulankhula chapansipansi, ngati kuti mawuwo angathe kumuvulaza akatuluka ndi mphamvu. Ndinasunga maliro aja m'mimba masana onse. Titaweruka ndinaitana a Mwanza pambali. Tinalowa m'chipinda, tinakhala pansi pa simenti, ndipo Zuze atangoona zipewa m'manja mwathu anasiya chipongwe. A Mwanza analankhula motsitsa. Zuze anatenga bulangete n'kuliluma, chifukwa sakanatha kulira mokweza. Mlonda wa hositele akanafunsa kuti maliro mwamva bwanji, telegalamu isanabwere? Tinakhala naye tonse, kulira kopanda phokoso, wina ataima pakhomo kuyang'ana kunja.

Zinali zowawa, koma ndinene zoona: mumtima mwanga munalowa mpumulo. Wailesi inali itatsimikiza kuti imfa za kwathu zimafika. Velonika sanatchulidwe, choncho Velonika anali moyo, akulima, akuimba, akundinyoza kuti mvula ziwiri zija n'zingati tsopano. Mwezi umenewo ndinagula wailesi yokoka zakutali ndi timasipika tiwiri ta matabwa ofiirira. Ndinatiyesa ndekha, ndipo tinali tabwino kuposa tonse timene ndinayesapo. Ndinakulunga zonse m'bulangete n'kuika kunsi kwa bedi.

Makutu anayamba kufa pang'onopang'ono. Poyamba inali nyenje, yolira m'khutu lamanzere ndikavula mahedifoni, yonga ija imalira m'mitengo ya mopane dzuwa la Okutobala likakwiya. Lamulungu inkaleka. Kenaka inasiya kuleka. Ndinayamba kupendeketsa mutu anthu akamalankhula. Voliyumu ya uthenga wa maliro ndinkaikweza chaka ndi chaka, mpaka Zuze anandichenjeza kuti Chinyanja chikutulukira m'mbali mwa mahedifoni. Ndinamanga kansalu kuzungulira mutu, n'kunena kuti ndi mutu waching'alang'ala.

Sisitala wa pa kiliniki ya fakitale anandiunika n'kulemba kapepala kuti andichotse paphokoso. Folomani anandiitana, nati ndipite kolongedza katundu, malipiro omwewo. Ndinakana. Anandiyang'ana ngati wamisala. Ndinkadziwa kuti ndikachoka adzaikapo munthu wa ku Buluwayo komweko wosamva Chinyanja, ndipo khomo lathu lokhalo lidzatsekeka.

Zuze anakwiya zedi. "Iwe, makutu yasila! Ufuna ukafike kumudzi monga chitsa? Mkazi wako azayamba kukamba na iwe na manja?"

"Nikachokapo nizaziba bwanji kuti aliko?"

"Aliko, munzanga. Velonika ni wolimba. Choka pa benchi paja."

"Iwe uthenga wako unaumvela. Ine nikali kuyembekeza."

A Mwanza ndi enawo anamva zonse, koma palibe anatsegula pakamwa kumuthandiza Zuze. Sindiwaimba mlandu. Aliyense anali ndi mayina ake m'mutu mwanga, ndipo madzulo ankafuna kumva "kulibe" kuti adye.

Zaka zinapita. Nkhondo inakula, mabasi ankasechedwa, anyamata a m'fakitale ena ankangosowa. Ku Lusaka ankanena za mizinga yogwera ku Feira, za anthu othawa m'mphepete mwa mtsinje. Ndinkamva zimenezo thukuta lili kamukamu m'mahedifoni, kenaka n'kudikira mayina. Ndinamvapo maliro ena angapo a kwathu, ndipo tinakhazika pansi anthu ena monga tinachitira ndi Zuze. Khutu lamanzere linafa lonse. Lamanja linatsala kachibowo kakang'ono, koti mawu alowe ayenera kukankhidwa. Mluzu woyesera masipika sindinkaumvanso ukakwera. Ndinkagwira bokosi ndi zala kuti ndimve kunjenjemera, ndipo zala sizimva zonse.

Katundu anayamba kubwerera kuchokera m'masitolo, ali ndi choko changa. Tsiku lina folomani anaima kumbuyo kwanga n'kunditchula dzina, mahedifoni ndisanavale. Akuti anatchula kangapo, holo yonse ikuyang'ana. Sindinatembenuke. Mapeto a mwezi anandipatsa envulopu yanga, ndipo mlendo wopanda ntchito analibe chilolezo chokhala m'dzikomo. Sindinadandaule kwambiri. Ndinali nditamvera mpaka tsiku lomaliza, ndipo dzina lija silinatchulidwe.

Tsiku loti mawa ndinyamuka, Zuze anabwera ndi kabokosi kachitsulo kokwana m'dzanja. Anali atakapanga yekha ndi zidutswa za m'bokosi la zokanidwa: kamaikolofoni pa chingwe, malo a mabatire, ndi mahedifoni akale ong'aluka amene anawamanga ndi tepi. Anandiveka, napotokola, n'kuika kamaikolofoni pakamwa.

"Umvela, gonthi iwe?"

Mawu ake analowa m'mutu mwanga oyera, ngati kale.

"Nimvela, galu iwe."

"Ehe! Manje Velonika azakutukana bwino, osataya mawu."

Tinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafune kuleka. Iye anatsala. Anandituma kuti ndikauze mayi ake kuti ali moyo.

Ulendo wobwerera unali wozungulira: sitima mpaka ku Botswana, lole mpaka ku Kazungula, kuwoloka Zambezi pa pantuni, kenaka Livingstone ndi Lusaka. Nkhondo inali isanathe. Pa mlatho wa Luangwa tinadikira masiku, chifukwa msewu wotsikira kwathu galimoto zinali zosowa. Imene inatitenga inkayenda ngati nkhono, matayala akuponda ndendende m'mapazi a galimoto ya asilikali imene inali patsogolo, kuopa mabomba okwiriridwa mumsewu. Tinakhala pa matumba a mchenga. Ine ndinakumbatira mtolo wanga wa bulangete njira yonse kuti timasipika tisagundane.

Ndinatsika pa Katondwe n'kuyamba wapansi. Mudzi ndinaupeza, koma unali wachilendo. Kuseri kwa nyumba iliyonse kunali dzenje lobisalamo. Anthu ankayenda mwakachetechete, ndipo ndinaona mayi wina akusinja, akuima pakati, kupendeketsa mutu kumwamba, n'kupitiriza. Pambuyo pake ndinadziwa kuti zaka zonsezo anaphunzira kulankhula motsitsa kuti azimva ndege ikali kutali. Ine ndinalowa ndikukuwa, pakuti gonthi sadziwa kukula kwa mawu ake.

"Odi kuno! Velonika! Nabwela na wailesi yako!"

Nyumba yanga inalibe denga. Ndinaganiza kuti anasamukira kwa mchimwene wake, mlamu wanga Kaitano, ndipo ndinapita kumeneko. Kaitano anatuluka, atakalamba, imvi mbuu. Anandigwira dzanja nthawi yaitali. Mkazi wake anayala mphasa pansi pa mtengo. Anthu anayamba kubwera mmodzimmodzi n'kumakhala pansi. Kumbuyo kwa mkazi wa Kaitano kunaima mtsikana wamtali, woonda, wa chipumi cha Velonika. Ndinadziwa kuti ndi Malita. Ndinayamba kumasula mtolo kuti ndionetse timasipika, koma Kaitano anaika dzanja lake pamwamba pa bulangete. Kenaka anavula chipewa. Amuna onse anavula zipewa.

Ndinakhalapo pa simenti ya ku Buluwayo chipewa chili m'manja, choncho ndinadziwa. Koma mtima unakana. Ndinati mwina ndi amayi anga aang'ono, mwina ndi wina. Ndinali nditamvera tsiku lililonse.

Kaitano anayamba kulankhula, maso ali pansi, milomo ikungogwedezeka pang'ono. Sindinamve kalikonse, nyenje yokha.

"Kwezani mawu, mulamu! Makutu yanafa!"

Anandiyang'ana mwachisoni, nayesanso. Ndinaona khosi lake likulimba, koma mawu sanakwere. Sakanatha. Munthu woleredwa bwino sangakuwe imfa pamaso pa mwini wake, ngakhale mutamumenya. Mayi wina wachikulire anayesa, chimodzimodzi. Ndinakhala pakati pa abale anga, milomo ikuyenda mbali zonse, ine ndili ndekha ngati ndili pansi pa madzi.

Ndinatulutsa kabokosi ka Zuze, n'kuvala mahedifoni, n'kupereka kamaikolofoni kwa Kaitano. Anadzidzimuka n'kubweza manja kumbuyo. Anthu ena anaimirira, wina n'kuyang'ana kumsewu. Nthawi imeneyo munthu wochokera ku Rodeshiya ndi bokosi la mawaya ankatengedwa ngati kazitape, ndipo mudzi wonse ukanalowa m'mavuto. Kaitano ankakupiza dzanja kuti ndibise. Kamaikolofoni kanagwera pamphasa, ndipo kanakhala pamenepo, aliyense akukayang'ana.

Malita ndiye anabwera. Anagwada patsogolo panga monga mwana woleredwa, natola kamaikolofoni ndi manja awiri. Mkazi wa Kaitano anafuna kumukoka, koma Kaitano anamuletsa. Mwanayo anayang'ana kachinthuko, kenaka ine, n'kukayandikitsa pakamwa.

"Baba."

Anali mawu oyamba amene ndinamva kuchokera pakamwa pa mwana wanga. Anali mawu a Velonika, otsika pang'ono, okhala ndi kakusasa komweko kumapeto.

"Baba, amai kulibe. Anafa."

Ananena motsitsa, mwaulemu, monga zimayenera kunenedwera.

"Liti?"

Anatembenukira kwa malume ake, namvetsera, n'kubwerera kwa ine. "Ati mvula yachiwili malile atavalika. Anakwela lole kuyenda ku Boma kukagula nsomba zogulisa. Lole inaponda bomba mu msewu. Ine n'nali mung'ono, siniziba bwino."

Mvula yachiwiri malire atatsekedwa. Nthawi imeneyo makutu anga onse anali amoyo. Sisitala anali asanalembe kapepala kake, timasipika ndinali ndisanagule n'komwe.

"Nanga pa wailesi? Chifukwa chiyani simunalengeze? N'nali kumvela masiku onse! Masiku onse, mulamu!"

Kaitano analankhula nthawi yaitali, misozi ikutsika. Malita anadikira kuti amalize.

"Ati uthenga wa pa wailesi munthu afunika kuupeleka yeka ku Lusaka. Ati nindani sembe anayenda? Msewu ni wamene uja unapaya amai. Ati kuno tinaika anthu ambili, baba, ndipo kulibe amene anachulidwa pa wailesi."

Pamenepo ndinakumbukira maliro onse amene ndinamva pabenchi paja. Bambo a Zuze anafera ku Lusaka, mwana wawo ali ku Matero. Enawo chimodzimodzi: wina anali ndi mwana kalaliki, wina mlongo wake namwino m'tauni. A m'midzi, amene ankafera pamsewu ndi m'minda, analibe wowanenera. Ndinaganiza za a Mwanza ndi anzanga pakhonde la hositele, ndi "kulibe" yense amene ndinawadyetsa zaka zonsezo.

Anthu ankadikira kuti ndiyambe kulira kuti nawonso alire. Malita anali chigwadire, kamaikolofoni kali m'manja, osadziwa ngati akaike pansi. Anandiyang'ana m'maso, nakabweretsanso pakamwa.

"Mwamvela, baba?"

Ndinali nditamva zonse, liwu lililonse. Ndinapotokola voliyumu mpaka pothera, n'kukanikiza mahedifoni ndi manja onse awiri.

"Sininamvele bwino, mwana wanga," ndinatero. "Kambanso."